Denga latsopano lisabwere ndi maliro

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa June mpaka mvula yoyamba itagwa, m'midzi mwathu mumamveka kulira kwa hamala. Mlimi amene wagulitsa fodya ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu, ngakhalenso amene wagulitsa soya, mtedza, nandolo kapena mpunga, amayamba waganizira za denga. Wina amagula malata kuti asiyane ndi udzu, wina amachotsa malata akale odontha, wina amafolera khitchini, nkhokwe kapena chigafa. Ichi ndi chitukuko chimene bungwe lathu limanyadira, pakuti nyumba yabwino ndi umboni woti thukuta la mlimi likupindula.

Koma pali nkhani ina imene sitiikamba pamisonkhano ya makalabu athu. M'nyengo yomweyi anthu amagwa kuchokera padenga. Ena amathyoka mwendo kapena mkono, ena amathyoka msana osadzagwiranso khasu, ndipo ena amamwalira nyumba isanathe. Zikatere timangoti tsoka silinunkha. Mwinanso timayamba kulozana zala kuti alipo wansanje amene sanakondwe ndi malatawo, mpaka ubale kutha. Ife tikunena poyera kuti imfa zimenezi n'zopeweka, ndipo woyamba kuzipewa ndi mwini nyumba amene akulipira ntchitoyo. Mwini nyumbayo ndi inu ndi ife.

Vutoli ndi la alimi

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya zomangamanga ikufuna chiyani m'nyuzi ya alimi. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi. Nyumba za anthu amenewa sizimangidwa ndi makampani akuluakulu a m'tauni. Zimamangidwa ndi mmisiri wa m'mudzi momwemo, mothandizidwa ndi aganyu, ana a mwini nyumba ndi achibale. Mmisiri ameneyu m'dzinja amakhala ali kumunda ngati ife tonse, ndipo kawirikawiri ndi membala wa kalabu yathu. Choncho wokwera padenga ndi mlimi, womutuma ndi mlimi, ndipo ngozi ikachitika munda umene umagonera ndi wa mlimi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa kwa mitundu yosiyanasiyana. Pa imfa zadzidzidzi zobwera mwangozi, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi zapamsewu zokha, ndipo imfa zoposa 80 mwa 100 zilizonse zoterezi zimachitika m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kusiyana kwake n'kwakuti ngozi yapamsewu imalembedwa kupolisi ndi kulengezedwa pawailesi, pamene ya padenga la kumudzi imathera pasiwa.

Ntchito ya padenga ikunkera ichuluka. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 adagwetsa nyumba zambirimbiri, makamaka m'chigawo cha kummwera. Freddy yekha adasowetsa pokhala anthu oposa 600,000. Ngakhale chaka chopanda namondwe, mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga a nyumba, masukulu ndi matchalitchi, ndipo abambo amakwera mothamanga pa malata onyowa kuti apulumutse chimanga chili m'nyumba. Onjezanipo okwera kukaika sola, kukamanga mlongoti wa wailesi kapena kukayanika makaka, muona kuti pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu amene amakwera padenga.

Mamita 3 ndi okwanira kupha munthu

Chimene chimatipusitsa n'chakuti nyumba zathu n'zazifupi. Timaganiza kuti zoopsa zili ku nyumba zosanjikizana za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma khoma la nyumba wamba limafika mamita pafupifupi 3, ndipo pamsonga pa denga m'pamwamba kuposa apo. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 3 amafika pansi sekondi imodzi isanakwane, pa liwiro la makilomita pafupifupi 28 pa ola. Ili ndi liwiro la njinga yotsika chitunda ikuthamanga. Palibe nthawi yogwira kanthu kapena yotembenuka. Ngati chayamba kufika pansi ndi mutu kapena khosi, ndipo pansipo pali njerwa, mwala kapena chitsulo, moyo umatha pomwepo.

N'chifukwa chake ku America, komwe kugwa ndiko kumapha anthu ambiri pa ntchito zomanga, malamulo a bungwe la boma la OSHA amalamula kuti womanga nyumba aliyense amene ali pamwamba pa mafiti 6, omwe ndi mamita 1.8, akhale ndi chomuteteza kuti asagwe. Mamita 1.8 ndi msinkhu wa bambo wamtali. Mafupa a Mmalawi sasiyana ndi a munthu wa ku America.

Chimagwetsa anthu n'chiyani?

Tikafufuza bwino, zifukwa zake n'zodziwika ndipo zimabwerezabwereza. Choyamba ndi makwerero. Ambiri mwa makwerero athu ndi milongoti iwiri ya bulugamu yokhomedwa timitengo ndi msomali umodzi mbali iliyonse, yosiyidwa pamvula chaka chathunthu. Ena amakwera pa mgolo, pa mpando kapena pa njerwa zosanjikiza. Chachiwiri ndi denga lomwelo: mapaso odyedwa ndi chiswe amaoneka amphumphu kunja pamene m'kati ndi ufa, malata adzimbiri amabooka munthu akaponda, ndipo malata opyapyala a geji 32 amapindika msanga kuposa a geji 28. Malata oonekera aja olowetsa kuwala, ndiponso madenga akale a asibesitosi, amasweka popanda chenjezo.

Chachitatu ndi nyengo. Mame a m'mawa amasandutsa malata kukhala oterera ngati therere. Mphepo ya mwera m'miyezi ya June ndi July, ndi akamvuluvulu a mu September ndi October, amatha kuulutsa lata limene munthu wanyamula n'kumukokera pansi. Dzuwa la October likawala pa malata atsopano limathobwa m'maso ndipo limachititsa chizungulire, makamaka kwa munthu amene wayamba ntchito asanadye. Chachinayi ndi mowa. Mwambo wa dima ndi wabwino ndipo watimangira nyumba zambiri, koma mowa ukayamba kumwedwa ntchito ili m'kati, wakwera padenga uja wasanduka woyenda m'mphepete mwa manda.

Chachisanu, chimene sitikonda kumva, ndi changu cha eni nyumba. Timachedwa kugula zipangizo, mitambo ikayamba kusonkhana ndiye timaumiriza mmisiri kuti amalize m'masiku awiri. Timagwirizana mtengo wa denga lonse, ndipo timamukakamiza kutsitsa mpaka palibe malo a tsiku lokonzekera. Munthu wolipidwa akamaliza amadula njira iliyonse kuti athamangire nyumba ina. Akulu adati fulumira adadya gaga.

Zimene mwini nyumba ayenera kuonetsetsa

Tikupempha membala aliyense amene akufuna kufolera kapena kukhoma malata kuti akambirane ndi mmisiri wake mfundo zotsatirazi asanapereke ndalama yoyamba.

1. Ntchito yotheka pansi ichitikire pansi. Kuyeza ndi kudula matabwa, kulumikiza mapaso, kudula malata ndi kumanga mitolo ya udzu, zonsezi sizifuna munthu akhale m'mwamba. Nthawi imene munthu amakhala padenga ikachepa, mpata wa ngozi umachepanso.

2. Pakhale nsanja mbali imene akugwira ntchito. Iyi ndiyo mfundo yaikulu kuposa zonse. Nsanja ikhale ya milongoti yokumbiridwa pansi ndi yopingasa bwino, matabwa ake akhale athunthu, oyalidwa mogundana ndi omangidwa kuti asasunthe, ndipo kunja kwake kukhale mtengo wotchinga wofika m'chiuno, pafupifupi mita imodzi, ndi wina pakati. Ikakhala pafupi ndi m'mphepete mwa denga, munthu woterereka amathera pansanjapo osati pansi. Ubwino wa nsanja ndi wakuti imateteza aliyense, ngakhale amene waiwala kusamala.

3. Makwerero akhale olimba ndi oimikidwa bwino. Mitengo yopondapo ikhazikike m'malo ogobedwa pa mlongoti, isadalire msomali wokha. Pa mamita 4 alionse opita m'mwamba, tsinde la makwerero litalikire khoma ndi mita imodzi. Ndiye kuti pa khoma la mamita 3 likhale masentimita 75 kuchokera kukhoma. Msonga yake ipitirire denga ndi mita imodzi kuti munthu akhale ndi pogwira potsika. Amangidwe kumwamba ndi chingwe, kapena wina awagwire pansi. Wokwera ayang'ane kumakwerero, manja onse ali opanda kanthu. Hamala, misomali ndi malata zikwezedwe ndi chingwe kapena zipatsiridwe kuchokera pansanja.

4. Denga lakale liyambe layesedwa kuchokera m'kati mwa nyumba. Gogodani mapaso ndi mitanda ndi hamala, bayani ndi msomali. Wofumbwa asinthidwe munthu asanaponde. Poyenda pamalata munthu aziponda mumzere wa misomali, momwe muli thabwa pansi pake, ndipo ndi bwino kuyala thabwa lalitali lokhomedwa timitengo topondapo, lokoledwa kumsonga kwa denga. Lata limene silinakhomedwe lisapondedwe.

5. Za chingwe timvetsetse bwino. Chingwe chomangidwa m'chiuno si chogwira munthu amene wagwa kale, chifukwa kugwedeza kwake kungathe kuthyola msana kapena kuvulaza m'mimba. Ntchito yake ndi kuletsa munthu kufika m'mphepete mwa denga, kotero chikhale chachifupi, cholimba, chomangidwa ku mtanda waukulu kapena ku mtengo wamoyo wa mbali ina ya nyumba, ndipo chisakhudze m'mphepete mwa malata mmene mungachidule. Malamba enieni a amisiri, ogwira m'mapewa ndi m'ntchafu, ndi abwino kuposa chingwe, koma nawonso pa nyumba yaifupi amafunika chingwe chachifupi, apo ayi munthu amafika pansi chingwecho chisanakoke. Lamba salowa m'malo mwa nsanja.

6. Nthawi isankhidwe. Dikirani mame aume. Mphepo ikakula kapena mvula ikayamba kuwaza, onse atsike. Kukatentha kwambiri masana apumule, amwe madzi ndi kudya. Kumdima padenga sipakweredwa, ngakhale nyumba ikudontha. Tchingani katundu ndi pulasitiki, mukonze kukacha.

7. Pansi pozungulira nyumba pakhale poyera. Chotsani njerwa, miyala, zitsulo, zidutswa za malata ndi matabwa a misomali. Ana ndi ziweto atalikire. Kumene kwafika magetsi, yang'anani mawaya a ESCOM musananyamule lata kapena mlongoti wachitsulo, chifukwa kungogunda waya munthu amaponyedwa pansi.

8. Wokwera akhale woyenera. Amene wamwa mowa, amene akudwala malungo, amene amagwa khunyu kapena amachita chizungulire athandize ntchito ya pansi. Asakwere atavala masilipasi kapena nsapato zoterera. Munthu asagwire ntchito padenga ali yekha pakhomo. Mowa wa dima utuluke ntchito itatha ndipo makwerero atachotsedwa.

Pa za ana tikufuna kunenetsa. Tili ndi chizolowezi chotuma mnyamata wamng'ono padenga chifukwa choti ndi wopepuka. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa mwana wosakwana zaka 18. Bungwe lathu lakhala likulimbana ndi kugwiritsa ntchito ana m'minda ya fodya. Sitingachotse mwana m'munda n'kukamukweza pachigafa.

Nanga ndalama zichokera kuti?

Tikudziwa yankho la alimi ambiri: ndalama ya malata yomwe tidaipeza movutikira, nanga ya nsanja ichokera kuti? Funsoli n'lomveka. Koma tiyeni tiwerengetsere monga timachitira ndi zipangizo za ulimi. Milongoti ndi matabwa a nsanja sizitha ntchito denga likatha. Zimakamanga khola, chigafa, thandala kapena chitseko. Chimene chimaonjezereka kwenikweni ndi tsiku limodzi la mmisiri ndi omuthandiza. Tsono ikani mbali inayi mtengo wa galimoto yopita kuchipatala cha boma, miyezi ya mayi wodikirira wodwala pamene kumunda kukufunika kupalira, mbuzi ndi feteleza zogulitsidwa, ana osiya sukulu, bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Ngozi zambiri za padenga zimagwa mvula ili pafupi, nthawi imene banja likufuna dzanja lililonse. Banja lotaya bambo mu November limakolola njala mu April.

Amisiri ena adzanena kuti akhala akukwera madenga zaka 20 osagwa. Tikuwalemekeza chifukwa cha luso lawo, koma chiswe sichifunsa zaka za mmisiri. Mwini nyumba anene mwaulemu kuti pakhomo pake ntchito iyamba nsanja ikaima, ndipo alipire tsikulo mosanyinyirika. Eni nyumba ambiri akamanena zomwezi, mmisiri wosamala ndiye adzakhala wopeza ntchito.

Apa ndi pamene mphamvu ya kalabu iyenera kuonekera, poti mutu umodzi susenza denga. Ngati timatha kugula feteleza pamodzi, kugulitsa mbewu pamodzi ndi kusunga ndalama ku banki m'khonde, tingalephere bwanji kukhala ndi makwerero awiri olimba, matabwa a nsanja ndi zingwe zabwino zosungidwa ndi msungichuma wa kalabu? Membala azibwereka, amene si membala azilipira kangachepe kokonzera zowonongeka. Abale athu amene adagwirapo ntchito yomanga m'makampani a m'tauni kapena ku South Africa, komwe malamulo a zomangamanga a 2014 amafuna kuti kontirakita akhale ndi dongosolo loteteza anthu kugwa, adaziona njira zimenezi ndi maso. Tiwapatse mpata pamsonkhano atiphunzitse.

Pempho lathu kwa boma ndi atsogoleri

Malamulo alipo. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, ndipo mu 2000 idakhazikitsa lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Mu 2019 dziko lathu lidavomereza mapangano atatu a bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO okhudza chitetezo pantchito, a nambala 155, 184 ndi 187, ndipo la 184 ndi lokhudza ulimi. Koma malamulowa adalembedwa poganizira mafakitale, maesiteti ndi makampani. Waganyu wa masiku awiri amene wagwa panyumba ya mlimi mnzake sapeza pogwira, ndipo mkazi wake wamasiye amangolandira thumba la chimanga ndi mawu a pepani. Choncho tikupempha izi:

Unduna wa Zantchito ulembe malangizo achidule a ntchito ya padenga m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi zilankhulo zina, okhala ndi zithunzi, ndipo afalitsidwe pa wailesi za m'madera ndi m'masitolo ogulitsa malata. Tsiku la 28 April, lokumbukira chitetezo pantchito, limafika msika wa fodya utangoyamba kumene. Uthenga wake ufike kumidzi osati m'mahotela mokha.

Bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera aphunzitse amisiri a kumidzi, ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu, kumanga nsanja ndi makwerero oyenera. Maphunzirowa achitike m'miyezi ya April ndi May ntchito yomanga isanayambe.

Makhonsolo ndi mabungwe amene amamanga nyumba za anthu okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi aike mtengo wa nsanja ndi malamba mu bajeti. Anthu a m'mudzi akamapemphedwa kuthandiza pa chitukuko, asakwezedwe padenga popanda chowateteza.

Zipatala ndi maofesi a zantchito a m'maboma azilemba mwapadera anthu ovulala chifukwa chogwa padenga, kuti aphungu athu akamakambirana za malamulowa akhale ndi chiwerengero m'manja.

Mafumu athu, mogwirizana ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, aike m'malamulo a m'mudzi mfundo ziwiri zosavuta: mwana asakwere padenga, ndipo mowa usatuluke anthu ali m'mwamba. Tikupemphanso mafumu kuti ngozi ikachitika atsogolere anthu kufunsa za makwerero ndi mapaso, asanalole nkhani za ufiti zimene zimazunzitsa agogo osalakwa.

Ngozi ikachitika

Mmene timamunyamulira munthu wogwa mungathe kumupulumutsa kapena kumulumalitsa. Musamudzutse, musamukhazike, musamukoke manja ndi miyendo, ndipo musayese kuwongola khosi kapena msana. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke. Anthu anayi kapena asanu amusunthire pamodzi pa chitseko kapena thabwa lalikulu, mutu, khosi ndi msana zili mumzere umodzi, ndipo amumange ndi zitenje kuti asagubuduke. Pomwe pakutuluka magazi psinjani ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi, phala kapena mankhwala akumwa. Musamukweze pa kabaza atakhala tsonga. Funani galimoto kapena ngolo momwe angagone.

Ngakhale munthu atadzuka yekha n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi amatha kutuluka m'kati mwa mutu kapena m'mimba pang'onopang'ono. Kusanza, kuwodzera, mutu wopweteka kwambiri, kulankhula zosokonekera ndi dzanzi m'miyendo ndi zizindikiro zoopsa. Achipatala cha boma ndi amene angamutumize ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu ngati kuli kofunika.

Alimi anzathu, tikupempha wapampando wa kalabu iliyonse kuti aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu. Werengani mfundo zisanu ndi zitatu zija mokweza, itanani amisiri a m'dera lanu, ndipo gwirizanani kuti zipangizo za kalabu zigulidwa liti ndipo azisunga ndani. Alangizi athu a m'madera adzafuna kumva zimene mwagwirizana. Timalima kuti mabanja athu agone pabwino, ndipo tikufuna kuti tsiku lolowa m'nyumba yatsopano mmisiri, waganyu ndi mwini nyumba adzadyere limodzi nsima onse ali amoyo.